Kodi Chifundo Chingakhale Mlandu?

Bambo anga atagundidwa ndi galimoto akupalasa njinga, madokotala adawaika chitsulo m'mwendo kuti fupa lilumikizane. Patapita masabata atatu titatuluka m'chipatala, pabala paja padayamba kutuluka mafinya. Ine monga mwana wogwira ntchito m'boma, amene abale onse amamuyang'ana pakagwa vuto, ndidathamangira ku golosale n'kukagula makapisozi a amoxicillin. Ndinkawapatsa awiri lero, mawa amodzi, ululu ukachepa n'kusiya. Ndidachita zimenezi mwezi wathunthu, ndipo mumtima ndinkadziyesa mwana wachifundo.

Titabwerera kuchipatala, dokotala adatiuza kuti pachitsulopo pamera tizilombo totchedwa Staphylococcus aureus. Tizilomboti si tachilendo: pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliyense amayenda nato m'mphuno osadwala. Timasanduka mdani tikalowa pabala la opaleshoni, pa singano ya diripi kapena pa paipi yothandiza wodwala kukodza. Tikapeza chitsulo kapena pulasitiki timakakamira, n'kudzikutira ndi madzi olenda onga ndere ija imaterera m'kati mwa mtsuko wosatsuka. Akatswiri amatcha chimenechi biofilm. Mankhwala amavutika kugwira ntchito m'menemo, ndipo tizilombo ta pansi timakhala ngati tagona, kotero kuti mankhwala opha tizilombo tomwe tikuswana amatilambalala. Wodwala akasiya kumwa, timadzuka.

"Mukadabwera nawo sabata yoyamba, achimwene, mwina tikadangotsuka bala," adatero dokotala mosakalipa. Fupa litagwirana, adachotsa chitsulo chija. Bambo adachira, koma mpaka lero amayenda ndi ndodo.

Kuyambira pamenepo funso limodzi landisowetsa tulo. Kodi munthu amene wachita choipa ndi mtima wabwino ali ndi mlandu? Kwa nthawi yaitali ndinkadziteteza kuti sindimadziwa. Tizilombo sindidatiike ndine. Mwina tidachokera pakhungu la bambo, mwina m'manja mwa wina amene sadasambe. Komanso amoxicillin sapha mitundu yambiri ya tizilomboti, choncho makapisozi anga sadali mankhwala n'komwe. Koma chowonadi n'chakuti adandigulira mtendere wabodza, pamene tizilombo tinkamanga linga. Ndinkaopa mzere wa kuchipatala, ndalama ya minibasi ndiponso kupempha tchuthi kwa abwana. Ulesi umenewu ndidauveka dzina la chifundo.

Mlandu wina ndi waukulu kuposa wa pabanja pathu. Alexander Fleming adatulukira penisilini mu 1928 ku London, ataona nkhungu ikupha tizilombo ta mtundu womwewu m'kambale kake. Polandira mphoto ya Nobel mu 1945 adachenjeza kuti kumwa mankhwalawa mopereweza kudzaphunzitsa tizilombo kupirira. Sadaname. Penisilini atayamba kulephera kudabwera methicillin, koma pofika 1961 ku England kudapezeka kale tizilombo tosamva mankhwala atsopanowo, tomwe lero timatchedwa MRSA. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 adapeza kuti mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni adamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala.

Apa ndi pamene ndidazindikira kuti maantibayotiki ali ngati chitsime cha mudzi. Ndikamwa panado molakwika ndimadzivulaza ndekha. Koma ndikaseweretsa amoxicillin, ndimasiya m'thupi tizilombo tolimba, tomwe mawa tidzafika kwa mayi wobereka mochita kung'ambidwa kapena khanda limene sindidzalionapo. Amene adzalipire sadziwa dzina langa, ndipo palibe khoti limene lidzandiitane.

Ena adzati ndikudziweruza mopyola. Munthu wa kumudzi amene chipatala chili kutali, ndipo akafikako amamva kuti mankhwala atha, angachitenso chiyani kupatula kugula makapisozi anayi amene ndalama yake ikukwanira? Ameneyo sindingamuloze chala. Mlandu wake uli kwa ife amene timasunga mafayilo a ndalama za boma. Koma ine ndidapita kusukulu, chipatala ndidali nacho pafupi, ndipo kufunsa sikudali kolipira. Kusadziwa kwa munthu amene akadatha kufunsa si kusalakwa.

Akuluakulu adati chifundo chidapha nkhwali. Kale ndinkaumva mwambiwu ngati chenjezo kwa wothandiza. Tsopano, ndikamva ndodo ya bambo ikugogoda pakhonde m'mawa, ndimadziwa kuti chifundo chosafunsa chimavulazanso wothandizidwayo. Bambo sadandidzudzulepo. Amangouza alendo kuti mwana wawo adawasamala, ndipo ine ndimayang'ana pansi.