Uphungu wa m'tauni uli ndi mwambo wake

Kumudzi mwana sankakula yekha. Anyamata ankagona kumphala, atsikana kukuka kwa agogo, ndipo kumeneko ankamva za ulemu, za ntchito ndi za kudzisunga. Mtsikana akatha msinkhu, namkungwi ankamulanga, koma pambali pake pankakhala phungu, womuperekeza ndi womumasulira zimene wamva. Mwana akapulupudza, nkhani inkafika kwa malume ake dzuwa lisanalowe.

Ku Ndirande, Bangwe, Mtandire kapena Chinsapo zinthu sizili choncho. Banja limakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, malume ali kumudzi kapena ku Joni, makolo amalawirira kugeni n'kubwera kutada. Mwana amatsala ndi foni, vidiyo sho ndi anzake a pasiteji ya minibasi, ndipo amenewa ndiwo asanduka anamkungwi ake. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17.5 miliyoni, theka la iwo osakwana zaka 18, ndipo mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu oposa 800,000. Ana ndi ochuluka, aphungu ndi ochepa. N'chifukwa chake ena amadzipereka kulangiza achinyamata kutchalitchi, kumzikiti, kubwalo la mpira kapena m'magulu a amayi oyang'anira atsikana pasukulu. Koma uphungu uli ndi mwambo wake, ndipo mtima wabwino pawokha sukwanira.

Choyamba n'kudzera pakhomo. Phungu wakale ankadziwika ndi eni mwana, sankangodzisankha. Iwenso usanayambe kucheza ndi mwana wa eni, kaonekere kwa makolo kapena omulera, ndipo mfumu ya m'deralo kapena atsogoleri a mpingo adziwe. Muzikumana poyera, masana, pamene anthu akukuonani. Makolo athu ankapereka mtsikana kwa amayi, mnyamata kwa abambo, ndipo nzeru imeneyo sinathe ntchito: imateteza mwana, imatetezanso mbiri yako.

Chachiwiri n'kumvetsera. Ambiri timaganiza kuti kulangiza n'kulankhula, koma mnyamata wa Fomu 2 amene wayamba kujomba sangakuuze msanga kuti vuto ndi fizi, njala kapena chamba. Amayamba wakuyesa kaye ndi nkhani za Bullets ndi Wanderers kuti aone ngati ndiwe womasuka naye. Ukathamangira kumudzudzula, watseka khomo. Khala naye, kaonere mpira wake, ufunse za kope lake. Akalakwa, mudzudzule kumbali, osati pamaso pa anzake, pakuti manyazi a pagulu amaumitsa mtima. Usayembekezere kuti asintha lero. Mawu a akulu akoma akagonera.

Chachitatu n'kusunga pakamwa. Zimene mwana wakuuza si zokacheza nazo kumjigo kapena pa WhatsApp. Komabe pali chinsinsi chosayenera kusungidwa. Mwana akaulula kuti akugwiriridwa, akumenyedwa kapena akukakamizidwa kukwatiwa, kukhala chete n'kugwirizana ndi womuzunzayo. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Nkhani zotere zimapita kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kwa a zachisamaliro cha anthu, kapena pa nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Umuuze mwanayo mosabisa kuti nkhaniyo ukuitengera kwa anthu amene angamupulumutse.

Chachinayi ndi khalidwe lako. M'tauni nyumba n'zothithikana, ndipo ana amadziwa amene anabwera akudzandira usiku ndi amene amatukwana mkazi wake. Sungaletse mwana kachasu iwe ukununkha mowa. Usamusandutsenso wantchito wako womutuma makala ndi madzi, ndipo usamuzolowetse ndalama, chifukwa akayamba kukuona ngati thumba, malangizo ako sadzamvekanso. Ngati akufunika fizi kapena luso la manja, mulondolere kwa telala, kalipentala, makanika kapena komiti ya sukulu, makolo ake akudziwa.

Chomaliza n'kusathawa panjira. Ana ambiri a m'makwalalamu anasiyidwapo kale ndi munthu amene ankamukhulupirira. Ukalonjeza kuti ubwera Loweruka, bwera. Ndi bwino kugwira ana awiri kwa zaka zitatu kusiyana n'kusonkhanitsa 30 kwa mwezi umodzi n'kuzimiririka.

Ntchitoyi ilibe malipiro ndipo sifuna digiri. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwu sunatsalire kumudzi. Pa mzere wa nyumba zimene mukukhalamo pali mwana amene alibe womufunsa kuti waswera bwanji kusukulu. Yambani ndi ameneyo, koma muyambe mwagogoda kwa makolo ake.