Maso a Nkhono ku Great Zimbabwe

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," amatero akuluakulu. Nkhono ukaigunda imabweza tinyanga take, ndiye wofuna kuona maso ake amangokhala phee, kudikira.

Wowerenga King Solomon's Mines, buku la H. Rider Haggard la mu 1885, amalota mapu akale, phanga lamdima ndi diamondi wodzaza manja. Nthano ndi yokoma, koma phuma la maloto otere linapweteka Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wa makoma amiyala. Richard Hall, yemwe anaikidwa kuyang'anira malowa mu 1902, anakokolola dothi lankhaninkhani pofuna umboni woti omanga anali alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'dothi lotayidwalo ndi mmene munali mbiri yeniyeni.

Katswiri wofukula zakale Gertrude Caton-Thompson anafika mu 1929 n'kuyamba kukumba pang'onopang'ono, akulemba kuya kwa pomwe patuluka phale lililonse ndi kamkanda kalikonse kagalasi. Tizinthu tonyozekati tinatsimikiza zomwe katswiri mnzake David Randall-MacIver anapeza mu 1905: makoma amiyala aja, osanjidwa popanda matope, anamangidwa ndi anthu a mu Africa momwemo.

Boma la Rhodesia, dzina la dziko la Zimbabwe panthawiyo, silinakondwe nazo. Katswiri wina, Peter Garlake, ataumirira mfundo yomweyi anakakamizika kuchoka m'dzikolo mu 1970.