UKALAMBA, MAGAZI NDI KUMANGA RAMADHAN

Bismillahir Rahmanir Rahim.

Chaka ndi chaka timamva za agogo amene akakamira kumanga mpaka kugwa ndi matenda. Tsono tiyeni tione zimene Allah anaika m'magazi mwathu.

M'magazi muli maselo oyera, amene ambiri timawatcha asilikali a m'thupi. Amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. M'kadontho kochepa ngati mutu wa singano mumakhala asilikali 4,000 mpaka 11,000. Ena mwa iwo, otchedwa T, amakaphunzira ntchito m'kachiwalo kotchedwa thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa. Kachiwaloka n'kakakulu pa ubwana, koma munthu akatha msinkhu kamayamba kufota, malo ake n'kudzaza mafuta. Pofika ukalamba asilikali atsopano amakhala ochepa. Otsalawo amakumbukira adani akale, koma mdani wachilendo amachedwa kumuzindikira.

N'chifukwa chake chilonda cha agogo chimachedwa kupola, chibayo ndi chifuwa chachikulu zimawapeza msanga, ndipo mliri wa Covid-19 wa mu 2020 unatenga okalamba ambiri koposa ana. Chenjeraninso apa: nkhalamba ikhoza kudwala kwambiri thupi losatentha. Mukaona agogo asokonezeka mutu, akukana chakudya kapena akupuma mwabefu, musadikire nthawi yomasula. Apatseni madzi, thamangani nawo kuchipatala.

Nanga Deen ikuti chiyani? Mu Surat Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, wodwala waloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira. Nkhalamba imene ilibenso mphamvu imadyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse losamanga. Imeneyi ndiyo fidya. Palibe chamanyazi pamenepa, abale anga. Amene anachepetsa asilikaliwo ndi Yemweyo anapereka chilolezo.

Agogo amene akadali ndi mphamvu amange, koma ana inu muwayang'anire. Ludzu la nkhalamba silimveka msanga, choncho akumbutseni kumwa madzi kuyambira pa futari mpaka pa daku. Pa mbale yawo pasasowe usipa, nyemba ndi masamba, pakuti thupi limamanga asilikali ndi chakudya chotere. Agone m'masikito. Odwala shuga ayambe afunsa adokotala asanamange.

Allah awapatse makolo athu thanzi, ndipo alandire swaumu yathu tonse. Ameen.