Dokotala wa M'malire

Ku America, dokotala wofuna satifiketi yosonyeza kuti amatha kuwerenga zithunzi za mtima amalemba mayeso a mabungwe monga National Board of Echocardiography kapena Certification Board of Nuclear Cardiology, lomwe linakhazikitsidwa mu 1996. Okonza mayeso amayamba ndi kufunsa madokotala omwe ali pantchito kuti amachita zotani tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti cholakwika chiti chingaike moyo wa wodwala pachiswe. Mitu ya mafunso imachokera pamenepo. Akatswiri amalemba mafunso, anzawo n'kuwasefa, ndipo mafunso ena amalowa m'mayeso mongoyeserera, opanda malikisi.

Povuta ndi apa: kodi kudziwa kokwanira kumayambira pati?

Mu 1971 William Angoff wa ku Educational Testing Service anafotokoza njira imene mabungwe ambiri a mayeso a zachipatala akutsatirabe. Akatswiri amakhala pansi n'kuganizira dokotala wa m'malire, amene si katswiri koma sangavulaze wodwala. Kenako akatswiriwo amaonetsedwa funso. Tinene kuti ndi kanema wa mtima ukugunda, valavu ya mitral ikukanika kutseguka bwino, m'munsi muli mayankho anayi. Aliyense amalemba kuti pa madokotala 100 otere angakhoze ndi angati. Uyu alemba 80, uyo 55, apo mkangano wayamba. Akakambirana amalembanso, ndipo manambala a mafunso onse akaphatikizidwa, malikisi okhozera apezeka.

Komatu dokotala wa m'malireyu palibe anam'patsapo moni. Woweruza aliyense amamuumba yekha m'maganizo, kuchokera kwa ophunzira amene anawaphunzitsa ndi zolakwika zimene anazionapo m'chipatala. Nambala ija imaoneka ngati masamu chabe, koma mkati mwake muli chikumbumtima cha anthu.

Otsutsa alipo. Mu 1999 lipoti la National Research Council, pounika mayeso a ana asukulu, linadzudzula njira yotereyi ponena kuti oweruza amapatsidwa ntchito yovuta kuti mutu wa munthu uikwanitse. Mfundoyi ndi yomveka. Komabe kungokhozetsa gawo lakutilakuti la olemba n'koipirapo, chifukwa kumayerekeza dokotala ndi anzake m'malo moganizira wodwala amene wagona pabedi lopimira. Chaka chimene olemba onse ali ofooka, ofooka omwewo angalandire satifiketi. Njira ya Angoff imalola kuti onse akhoze kapena onse alephere, ndipo imakakamiza akatswiri kunena poyera, funso ndi funso, kusadziwa kumene angakulekerere mwa mnzawo ndi kumene sangakulole.