Chipembere cha mwana wa mchemwali wanga

Mwezi watha mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 11, ananditumizira kanema wa mphindi zitatu pa WhatsApp. Anapita ndi anzake akusukulu kumalo osungira nyama kufupi ndi Marondera, ndipo mkulu wina wojambula mafilimu a nyama zakutchire anawabwereka kamera. Chithunzi chikugwedera, chipembere chikubudula masamba, iye akunong'ona: "Amalume, taonani!" Ine ndinamuyankha kuti m'zonena zake munalowerera mawu awiri a Chishona.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Mwana wandionetsa chipembere, ine n'kumuchonga ngati kope lakusukulu. Chinandilowa n'chiyani?

Ndinakulira mukomboni ya pafamu ya fodya ku Mashonaland East. Agogo anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito, monga anachitira Amalawi ambiri, ndipo sanabwererenso. Nyama zinalipo ndithu m'mafamu ena, koma kuseri kwa waya. Mwana wamukomboni akapezeka pafupi ndi wayayo ankamuyesa wotchera misampha, ndipo mlandu wake unkagwera bambo, amene ntchito ndi nyumba zinali m'manja mwa bwana mmodzi. Njovu yoyamba kuiona ine inali ya gule wamkulu, itatuluka usiku pabwalo.

Mu Novembala 2007 opha nyama mozembera anapha zipembere zitatu ku Imire, pafupi ndi Wedza, n'kusiya kamwana kamasiye kotchedwa Tatenda. Banja la a Travers linakalera pakhomo pamodzi ndi njiri ndi fisi, ndipo nkhaniyo inasanduka filimu ya There's a Rhino in My House pa Animal Planet. Ndinaionera pakompyuta ndili kuyunivesite. Anthu aku London analidziwa dzina la Tatenda ine wam'chigawo chomwecho ndisanalimve.

Pantchito yanga yomasulira ndimakhalira kusiyanitsa mawu. Kusirira n'kufuna kuti nanenso ndikhale nacho. Nsanje n'kuwawidwa kuti wina ali nacho. Njiru n'kufuna kuti chimuchoke. Akulu timakonda kunena kuti ana a masiku ano timangowasirira, ngati kuti mtima umaima pamene tauuza. Wanga sunaime. Yankho lija linali kachidutswa ka njiru: ndinafuna kuti chimwemwe chake chichepeko pang'ono, chifike pamsinkhu umene ine ndingaupirire.

Komabe sindivomera kuti ululuwo ndiwo tchimo. Ukundiuza zoona, kuti panali mnyamata wa maso akuthwa amene sanapatsidwe choti ayang'ane. Kuubisa ndi mawu oti "bola ana athu" kungakhale kunena kuti waya uja sunalakwe. Cholakwa changa n'chakuti ngongoleyo ndinakailipiritsa kwa mwana, amene sanakhomepo msomali ngakhale umodzi pampandapo. Ndiponso kamera ija anabweza madzulo omwewo. Zimene ndinkachitira nsanje ndi tsiku limodzi lokha.

M'mawa ndinamuimbira.

"Iwe, tandiuza, unaonanji?"

Anandifotokozera kuti mlomo wam'mwamba wa chipembere chakuda ndi wosongoka, umagwira nthambi ngati chala, ndipo kuti wojambula amayenera kuima kumene mphepo ikulowera kuti nyamayo isamve fungo lake. Ndamasulira masamba ambirimbiri a zachilengedwe, koma za mlomozo sindinkazidziwa. Anandifunsa ngati ndingamulembere mawu a Chichewa oika pansi pa kanemayo. Mawu awiri a Chishona aja tawasiya momwemo.