Kodi Mkazi Wochita Masewero Ali Wabodza?

Mwezi wathawu, titatuluka m'kalasi pano pa Boma la Chiradzulu, anatifikira mai wina wa mumpingo ali ndi nkhope yakugwa. Mwana wache wamkazi, amene aimba bwino m'kwaya, afuna kulowa m'gulu la ochita masewero ku Blantyre. Atsibweni a mwanayo akana, nati: mkazi wakuima pamaso pa anthu, lero kukhala mkazi wa uyu, mawa kulira maliro a munthu wosafa, ameneyo aphunzira bodza, ndipo sadzasunga banja. Maiyo anafuna kumva ngati kuli kotero. Sitinayankhe msanga, pakuti mlanduwu suli wopepuka.

Tiyambe ndi munthu amene anaigwira nchitoyi kufikira imfa, ndiye mai Gertrude Kamkwatira. Iwo anakulira m'gulu la Wakhumbata, limene Du Chisiza Jr. analiyambitsa m'chaka cha 1987, la anthu ofuna kudya za masewero monga mmisiri adya za manja ache. Chisiza atamwalira m'chaka cha 1999, maiwa ndiwo anatsogolera gululo, ndipo pambuyo pache anayambitsa lao, dzina lache Wanna-Do. Analemba masewero oposa khumi m'Chingerezi, nasewera m'menemo iwo eni. Ena anali onena za nkhanza za m'banja ndi za nthenda ya Edzi. Anakhalanso mtsogoleri wa bungwe la ochita masewero m'dziko lonse, namwalira m'chaka cha 2006.

Tsono tifunse, abale: pamene mai Kamkwatira analira pa nsanja ngati mkazi womenyedwa, kodi ananama? Bodza ndiko kubisa, kuti mnzako akhulupirire chimene sichiri. Koma m'nyumba ya masewero mulibe wonyengedwa. Ali yense alipira pakhomo podziwa kuti adzaona fanizo. Mneneri Natani anauza Davide za wolemera amene analanda kankhosa ka waumphawi. Kankhosa kaja sikanakhaleko konse; koma ndani anamutcha Natani wabodza? Mfumu inapsa mtima, niweruza, nizindikira pambuyo kuti yadziweruza yokha.

Ndipo chinthuchi sichinadze ndi Azungu iai. Amai athu akamasinja pamtondo aimba za mwamuna waulesi kapena wa dzanja lolemera, osatchula dzina. Mudzi wonse umva, mwini wache amvanso, koma palibe mlandu wopita nao kwa mfumu. Ife tiyesa kuti mai Kamkwatira anaitenga nyimbo ya pamtondo naikweza pa nsanja. Mwamuna amene atseka makutu pamaso pa ankhoswe akhoza kukhala chete pa mpando, naona nkhonya yache m'dzanja la wina, nachita manyazi popanda womloza chala.

Olamulira achidziwa ichi koposa ife. M'dziko lino lamulo la 1968 linaika bungwe losanthula mabuku, nyimbo ndi masewero, ndipo m'masiku a Dr Banda sewero silinaoneke pabwalo lisanaloledwe. Ku South Africa, Miriam Makeba anasewera ndi kuimba m'sewero la King Kong ku Johannesburg m'chaka cha 1959, monga mwini nyumba yogulitsa mowa. Mowa wa m'seweromo sunavute boma. Chimene linamuda nacho ndicho kuulula kwache za tsankho. M'chaka cha 1960 anamletsa kubwera kudzaika maliro a amache, ndipo anaponda kwao m'chaka cha 1990. Boma lotani lichita mantha ndi munthu wongonena zachabe?

Komatu sititi atsibweni aja alankhula zopanda pache. Nchitoyi iri ndi maulendo a usiku, ndalama zache nzosadalirika, ndipo kuomba m'manja kwa khamu kuledzeretsa koposa kachasu. Miriamu mlongo wa Mose anaimba pamaso pa anthu, mwana wa Herodiya anabvinanso pamaso pa anthu. Winayo anatsogolera chiyamiko, winayo anatuluka ndi mutu wa Yohane m'mbale. Luso silipatula munthu. Mtsikana akhoza kugwa pa nsanja, monganso akhoza kugwa m'sitolo kapena panjira ya kumtsinje.

Chimodzi chokha chitiwawa. Atsibweni omwewo zaka zambiri akhala akuseka pomvera Sewero la Sabata Ino pa wailesi, ndipo sitinawamve akutcha mwamuna wa m'menemo wabodza kapena wosasunga banja. Akondwera ndi mau a mkazi wa m'sewero, malinga akhale mwana wa mwini. Muyeso woterewu uli ndi miyala iwiri, ndipo ife sitingaubvomere.

Maiyo tinamuuza chotere: mwana atsirize sukulu, iwo eni apite kukaona gululo, adziwe wolitsogolera, kumene asungwana agona akakhala paulendo, ndi masewero amene achita. Zikakhala zabwino, asamtsekereze. Atsibweni tawapempha kuti tsiku lina tikwere nao galimoto kunka ku Blantyre, tikaone sewero limodzi kufikira kutha kwache, ndipo tikambe pobwera. Ati ayamba aganiza. Kufikira lero yankho lao sitinalilandire.