Ufa ukakwera mtengo, wolakwa ndi mlendo?

Abale ndi alongo a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi funso loti tiganizire limodzi. Kodi n'chilungamo kulira kuti abale athu akuthamangitsidwa ku Joni, pomwe ife tomwe timaomba m'manja mlendo akamachotsedwa pa msika wathu? Musafulumire kuyankha, chifukwa funsoli lili ndi minga mbali zonse.

Tiyambire kutali. Zaka zimenezi ku Ulaya kwatchuka zipani zimene uthenga wake waukulu ndi umodzi: obwera achuluka, atseke zipata. Ku Italy, Giorgia Meloni anakhala nduna yaikulu mu 2022. Ku Netherlands, chipani cha Geert Wilders chinapeza mipando yambiri kuposa china chilichonse mu Novembala 2023. Ku Germany, mu Febuluwale 2025, chipani cha AfD chinakhala chachiwiri, ndipo pa anthu asanu alionse ovota, mmodzi anachisankha. Mwina muti, za azungu zikutikhudza bwanji ife a ku Bangwe? Dikirani, mphepoyi siili kutali.

Ku South Africa, gulu la Operation Dudula linayambira ku Soweto mu 2021, ndipo mu 2023 linalembetsa kukhala chipani. Dzinalo pa Chizulu limatanthauza kukankhira kunja. Anthu ake akhala akutseka magolosale a obwera, ngakhale kuimirira pa zipata za zipatala n'kumabweza odwala. Pa chisankho cha 2024, chipani cha Patriotic Alliance cha Gayton McKenzie chinachita kampeni ndi mfuu yoti obwera azipita kwawo. Chinapeza mipando 9 mu nyumba ya malamulo, mtsogoleri wake n'kupatsidwa unduna. Obwera amene akunenedwawo si anthu a m'nthano ayi. Ndi mlongo wanu uja amasamalira m'munda wa bwana ku Randburg, ndi mchemwali uja amatumiza ndalama ya fizi mwezi ukatha. Mu Meyi 2008 zipolowe zinayambira ku Alexandra ndipo anthu 62 anaphedwa. Mu Epulo 2015 zinabukanso ku Durban, boma lathu mpaka linatumiza mabasi kukatenga anthu. Tinakwiya dziko lonse, ena anaguba ku Lilongwe kukapereka chikalata kwa kazembe wa dzikolo. Ndipo tinali ndi chifukwa chokwiyira.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo onse okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka, ku Dowa. Mu Meyi chaka chomwecho apolisi ndi asilikali anayamba kuwagwira ku Lilongwe, ambiri anayamba agonekedwa ku ndende ya Maula, ana omwe, ndipo ntchitoyo inafalikira m'maboma ena. Mashopu anatsekedwa, makontena a katundu analandidwa. Msasa umene anawapititsawo unakonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma unali kale ndi anthu oposa 50,000. Ndikufunseni mosabisa: m'minibasi, m'mashopu ometera tsitsi, pa Facebook pano, ndi angati anati pepani? Mawu amene anamveka kwambiri anali akuti, "Maburundi azipita, atilanda bizinesi." Mawu amenewo mukawatembenuza m'Chizulu, ndi omwe aja amauzidwa achimwene anu ku Diepsloot.

Ine ndimagulitsa pa msika, ndiye dandaulo la amalonda sindingalipeputse. Ndi zopweteka kukhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, makasitomala n'kumakudutsa kupita pa shopu ya munthu wogulitsa motchipa, amene amapikula katundu wambiri pakamodzi pomwe iwe mpamba wako ndi wa banki m'khonde. Mayi wa ku Ndirande amene lendi yamuthina, akamati mlendo wamutsekera njira, sakunama za ululu wake. Ululuwo ndi weniweni. Chimene ndikukana ine ndi dzina limene tikuupatsa.

Tiyeni tiyese ndi zimene tonse tinaziona. Alendowo anachotsedwa m'misika chapakati pa 2023. Kodi shuga anatsika? Mafuta ophikira nanga? Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo n'kulumpha ngati yalumidwa ndi linthumbu. Mizere ya petulo sinathe. Mu Febuluwale 2025 anzathu ogulitsa kaunjika anaguba ku Lilongwe chifukwa belo linali litakwera mosagwirika, ndipo panalibe Mburundi woti amuloze chala. Chimene chimatithina ndi kusowa kwa madola, ngongole za boma, katundu amene pafupifupi yense timagula kunja, ndi chiwongola dzanja chimene wamalonda wamng'ono sangachifike. Zimenezi zilibe nkhope, sizikhala pa benchi yoyandikana nafe. Mlendo ndiye ali ndi nkhope, amayankhula Chichewa chopotoka, ndipo savota.

Apa ndi pamene pagona nzeru ya zipani zija. Kukonza chuma kumatenga zaka ndipo kumafuna kukhumudwitsa anthu amphamvu. Kuloza mlendo kumatenga msonkhano umodzi basi, ndipo wolozedwayo sangakulange pa tsiku lovota. Wandale amatenga mkwiyo umene unayenera kupita kumtunda, kwa iye mwini, n'kuutembenuzira cham'mbali, kwa wosauka mnzako. Ndale zotchipa kuposa izi kulibe. Choopsa n'chakuti moto umenewu susankha udzu. Mwa anthu 62 aja a mu 2008, 21 anali nzika za South Africa zomwe, ena anaphedwa chifukwa choganiziridwa kuti ndi obwera. Lero mzere udulidwa pa pasipoti, mawa pa chiyankhulo, mkuja pa boma limene munthu anachokera.

Ndipo tikayamba kufufuzana, mbadwa yeniyeni ndani mu Blantyre muno? Funsani nyumba khumi ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa kuti kumudzi n'kuti: wina Thyolo, wina Ntcheu, wina Mangochi, wina Rumphi. Machinjiri yonse ija yadzaza ndi anthu amene anachita kugula malo. Tikabwerera m'mbuyo, Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 kuchokera kumwera. Alhomwe ambiri analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, nafikira m'minda ya azungu momwe ankagwira thangata, uku akutchulidwa maina achipongwe. Agogo athu nawo anapita ku Wenela, ena ku Salisbury, ena anakhala matchona mpaka lero. Fuko lathu ndi la anthu oyenda. Ndipo tili ndi mbiri yoti tinyadire: pa nkhondo ya ku Mozambique, dziko losauka lomweli linasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Makolo athu ku Nsanje, ku Mwanza ndi ku Dedza anagawana nawo zitsime ndi nkhuni. Iwowo anali olemera kuposa ife kodi?

Ndikudziwa chimene ena mukonzekera kundiyankha: malamulo ndi malamulo. N'zoona. Dziko lililonse lili ndi ufulu wodziwa amene walowa, ndipo malamulo athu amafuna kuti othawa kwawo azikhala pa msasa. Wolowa mozemba, wozemba msonkho, wogulitsa katundu wachinyengo, lamulo limupeze. Koma limupeze iye payekha, chifukwa cha zimene wachita, osati mtundu wonse chifukwa cha kumene unabadwira. Kumbukiraninso kuti a Dudula nawo amati akungofuna malamulo atsatidwe, ndipo ambiri mwa abale athu ku Joni mapepala awo anatha kalekale. Ngati kusowa pepala kumachotsa umunthu wa Mrwanda ku Mgona, ndiye kuti kumachotsanso umunthu wa Mmalawi ku Soweto. Sikelo yake ndi imodzi. Pa msika timadziwa kuti wokhala ndi sikelo ziwiri, ina yogulira ina yogulitsira, dzina lake ndi wakuba.

Komanso lamulo limapangidwa ndi anthu, ndipo anthu angalikonze. Mwana wobadwira ku Dzaleka, amene tsopano ali ndi zaka 25 ndipo Burundi sanaionepo, tikufuna akhale pa mzere wa chakudya moyo wake wonse? Bwanji osamulola kugwira ntchito ndi chiphaso, azidula tikiti ya msika ngati ine, azilipira msonkho, azilemba ana athu ntchito? Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ngati anzathuwo amapambana chifukwa chopikula katundu pamodzi ndi kukhulupirirana pa ngongole, chotiletsa kuphunzira n'chiyani? Kutseka shopu ya mnzako sikuwonjezera mpamba wako ndi tambala imodzi yomwe.

Kuno sitinakhalebe ndi chipani chimene chakudya chake chenicheni ndi kudana ndi obwera. Koma nthaka yake ilipo, yothira kale manyowa: achinyamata opanda ntchito, mitengo yosagwirika, ndi mitima yotopa. Tsiku lina adzabwera munthu pa bwalo la Nyambadwe ndi zimkuzamawu, adzatiuza kuti mavuto athu onse ali ndi dzina limodzi. Tsiku limenelo mudzamufunse mafunso awiri. Choyamba, akachoka amenewa, madola muwapeza kuti? Chachiwiri, mawu mukunenawa, mungakonde awamve mwana wanu ali pa mzere wa chipatala ku Johannesburg? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Amene muli ku Joni ndi ku Cape Town, tiuzeni mmene zilili kumeneko. Amene mukutsutsana nane, makamaka amalonda anzanga, bwerani tikambirane, koma mubwere ndi sikelo imodzi.